Ndinasiya Makina Otayipira, Thoko

Mayani, Dedza
Lamulungu masana

Wokondedwa mwana wanga Thoko,

Pamene ndikulemba kalata ino iwe wapita kutsidya kukatsanzika azakhali ako, ndipo ndikuwadziwa azakhali akowo, sakutaya msanga. Abambo ako ali pakhonde akupondaponda makina awo osokera, akuti siketi yako yabuluu ija sinakhale bwino m'chiuno, chonsecho aisoka kale kawiri. Usawaletse, ndi kulira kwawo kumeneko. Ine ndakhala pa chitsa pano pa nazale yanga ya mitengo, kope lili pabondo. Ukaona zilembo zikupendama usandiseke. Zaka 27 ndinkalemba ndi makina, dzanja linaiwala cholembera, komanso chala chachikuluchi ndinachicheka dzana ndi mpeni.

Mawa ukupita ku koleji ku Blantyre. Sabata ino makutu ako adzaza ndi malangizo. Amayi akumpingo anena za anyamata, abusa anena za mowa, azakhali ako anena za matenda awa akutha anthuwa. Zonsezo n'zoona, uzigwire, ine sindibwerezanso. Yanga ndi nkhani ina, imene takhala tikuilambalala m'nyumba muno kwa zaka zitatu ngati chitsa chapanjira: chifukwa chimene amayi ako, munthu wa imvi kale, anasiyira ntchito yabwino ya mu ofesi ku boma n'kubwera kudzaseweretsa dothi kuno kumudzi. Sunandifunsepo bwinobwino, inenso sindinakuuze bwinobwino. Ndikuuza lero, ndipo ndikuuza kudzera m'zolakwa zanga, pakuti zimenezo ndiye ndili nazo zambiri.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkakhala kwa amalume anga a Lufeyo, amene ankagwira ntchito pa nazale ya mitengo ya paini m'munsi mwa Phiri la Dedza. Akaweruka ankapita kuseri kwa nyumba, kumene anali ndi mapichesi awo. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa kukwatitsa mitengo. Umatenga kamtengo ka pichesi wowawasa uja womera yekha padzala, umakadula, umakang'amba pang'ono pamwamba, n'kulowetsamo kanthambi ka mtengo wobala zokoma. Ukamanga ndi luzi umangodikira. Wanga woyamba ndinkauzonda m'mawa uliwonse ndisanasambe n'komwe. Tsiku lina ndinapeza timasamba tiwiri tatuluka pa kanthambi kaja. Ndinathamanga ndikukuwa, "Wagwira! Amalume, wagwira!" mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka, kuyesa kuti tagwira wakuba. Amalume anawerama, anayang'ana, nati, "Mwana uyu ali ndi dzanja." Sindinamvenso mawu okoma ngati amenewo kwa zaka zambiri.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa mawu anayi okha. Nditamaliza sukulu, agogo ako aamuna anandikhazika pansi nandifunsa, "Nanga iwe ukufuna kudzagwira ntchito yanji?" Yankho linali pakamwa penipeni: mitengo. Koma ndinachita manyazi. Mtsikana wophunzira anganene kuti akufuna zadothi? Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Chilichonse chimene mungakonde, bambo." Iwo anakondwa, nati amva kuti kuli maphunziro otayipa, ndipo akazi a m'maofesi sanyowa ndi mvula. Sanandikakamize, Thoko, usawaimbe mlandu. Anafunsa ndi mtima wabwino, ine ndi amene ndinabisa yankho. Tsono iwe, munthu akakufunsa chimene ukufuna, nena. Nena mwaulemu, ugwade ngati pafunika kugwada, koma nena. Akakana akane atamva. Wamva, mwana wanga?

Chimene chinandisunga mu ofesi muja nthawi yaitali si njala ayi, koma kuyamikiridwa. Ndinali katswiri. Ndinkatayipa osayang'ana zala, uku ndikuyankha moni. Alendo akabwera, mabwana ankawabweretsa pa tebulo langa kudzaonerera, n'kumati, "Awa ndi Mayi Phiri, mzati wa ofesi ino." Ine mtima dyokodyoko. Sindinaganize kuti mzati suyenda. Mabwana ankabwera n'kupita, achinyamata amene ndinawaphunzitsa kupinda kalata ankakwezedwa, ine ndili pomwepo, kulemba mawu a anthu ena kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Windo la chipinda changa linali m'mwamba, ndinkangoona nsonga ya mtengo wa bulugamu. Lolemba lililonse m'mimba munkandipotokola. Ndinapita kuchipatala kangapo, anandipima, sanapeze kanthu. Namwino wina anandifunsa mwanthabwala kuti, "Kodi matenda anuwa amadziwa kalendala?" Ndinaseka naye, koma funso lake linandikhala. Usaiwale, Thoko: kuchita bwino chinthu sikutanthauza kuti chinthucho n'chako. Ukamayamikiridwa uzithokoza, koma ukafika kunyumba uzidzifunsa ngati nawe wakondwa.

Pali tsiku lina limene mwina iwe sukulikumbukira, koma ine limandiluma. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikuchokera ku ntchito unandithamangira pa geti, manja ali matope okhaokha chifukwa unkaumba ng'ombe, n'kundikumbatira. Bulauzi yanga yoyera inadindika zikhatho ziwiri. Ndinakukalipira mpaka unakabisala pansi pa makina a abambo ako. Madzulo abambo ako anandiuza motsitsa mawu kuti, "Amayi a Thoko, bulauzi ichapika. Koma mwanayu akayamba kuopa kukuchingamirani, sopo wake mudzamugula kuti?" Sindinakwiye chifukwa cha bulauzi, mwana wanga. Ndinali wotopa ndi moyo umene sindinkaufuna, ndipo poti bwana sindikanamukalipira, ndinakalipira iwe. Munthu wosakondwa ku ntchito amalipiritsa ana ake. Ukadzaona kuti wayamba kulusira anthu osalakwa, usayambe ndi kuwadzudzula iwowo. Yamba wafufuza kumene mkwiyowo ukuchokera.

Tsono pali nkhani ya a Kachingwe, imene sindinauzepo munthu kupatula abambo ako. A Kachingwe anali mesenjala wa mu ofesi yathu, bambo wachikulire woseka ndi aliyense, amene ankandibweretsera tiyi asanapatse bwana. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene munthu unkayang'ana kumbuyo usanatsokomole. Wina anakawanenera kuti alankhula mosasamala pa maliro. Bwana anandipatsa pepala kuti nditayipe, ndipo nditawerenga ndinaona kuti ndi kalata yowachotsa ntchito. Ndinatayipa, Thoko. Ndinatayipa mwaukhondo, popanda cholakwika n'chimodzi chomwe. Ali m'kati motuluka ndi kachikwama kawo anaima pakhomo langa nati, "Tsalani bwino, mayi." Ine maso pa makina, ngati sindinamve. Kukana kutayipa sindikanatha, masiku amenewo zikanandithera zoipa, ndipo iwe unali wamng'ono. Koma kuyankha kuti "Pitani bwino" kukanandidya chiyani? Mantha akakulowa amafuna kutenga zonse, ndi zimene sanakulamule munthu zomwe. Pamene sungathe kupulumutsa mnzako, usamumane ngakhale moni.

Kenaka dziko linatembenuka. Unali wamkulu ndithu, ukukumbukira mmene anthu anayambira kutsutsana za ndale m'basi mokweza mawu, nyuzipepala zili mbwee, atsikana a m'tauni atavala mathalauza. Ine ndinavota nawo, ndinavina nawo. Koma Lolemba lotsatira ndinapezeka pa mpando womwe uja. Ndinadabwa kuti dziko lonse lamasuka, ine ndekha ndatsala womangika, ndipo wondimanga sindikumuona. Chaka chinatha ndikungoti ndiganiza bwino.

Amene anadula chingwe ndi amalume a Lufeyo omwe aja, osadziwa n'komwe. Ndinapita kukawazonda Loweruka lina, ndinawapeza akalamba, manja akunjenjemera. Anali ndi timitengo tisanu ndi tiwiri tofunika kukwatitsa, koma mpeni unkawapulumuka. "Tandithandiza, mphwanga," anatero, "kapena ofesi inakudya zala?" Ndinagwada pa dothi ndi diresi langa lakutchalitchi. Zala zinakumbuka zokha. Dzuwa linapendeka ine osadziwa, njala osaimva. Patapita masabata atatu ndili pa ntchito, munthu wina anandisiyira kapepala kong'ambidwa m'kope kochokera kwa amalume. Panali mawu awa okha: "Yonse yagwira." Ndinayang'ana kapepalako, ndinayang'ana mulu wa makalata ondidikira, misozi inangoyamba yokha. Tsiku lomwelo ndinalowetsa pepala loyera m'makina n'kulemba kalata yoyamba m'zaka 27 imene mawu ake anali anga.

Bwana atawerenga anavula magalasi. "Mayi Phiri, mwapeza ntchito ku mabungwe atsopanowa eti?" Ndinati ayi. "Mukulowa ndale?" Ndinati ayi, bwana, ndikupita kwathu ku Mayani kukakwatitsa mitengo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwina kufuna kuona ngati mutu ukugwira. "Mwatsala ndi zaka zochepa kuti mupume mwaulemu wake. Bwanji osapirira?" Ndinati, "Zaka zimenezo ndi zimene ndikuzifuna, bwana, maondo akadali olimba. Ndikadikira ndidzapita kumudzi kukakhala pa mkeka." Tsiku langa lomaliza ndinavundikira makina aja ndi nsalu yake, ndinatuluka cha m'ma teni koloko m'mawa. Thoko, ndinakhala pa boma paja zaka zonsezo koma sindinkadziwa mmene tauni imaonekera Lachitatu m'mawa. Phiri linali mbee, mphepo ikununkhira utomoni wa paini. Ndinagula chimanga chootcha n'kumadya ndikuyenda pamsewu, ine Mayi Phiri wa mu ofesi, ndikuseka ndekha ngati wopenga. Nsapato za gogoda ndinazinyamula m'manja.

Koma apa ndi pamene pali kulakwa kwanga kwakukulu, ndipo olakwiridwa ndinu awiri, iwe ndi abambo ako. Sindinakuuzeni. Ndinkaopa kuti mukandiletsa ndigonja, monga ndinagonjera moyo wanga wonse, ndiye ndinachita mwakabisira. Abambo ako anamva kwa kasitomala amene anabwera kudzayesa jekete. Anakhala masiku atatu osandilankhula, munthu woti salekeza nkhani ngakhale ali ndi mapini pakamwa. Iwe unali Fomu 3 kusukulu yogonera konko. Unabwera ku holide n'kupeza lole pakhomo, mipando ili m'mwamba, chifukwa nyumba ija inali ya boma ndipo tinayenera kutulukamo. Unaima ndi sutikesi yako n'kundifunsa, "Amayi, ine munandiganizirako?" Unachoka m'nyumba ya magetsi ndi mpopi, n'kumadzawerengera mayeso ako pa nyali ya parafini holide iliyonse, maso ali psuu ndi utsi, m'mawa uli pa mjigo ndi ndowa. Sindinakupepesepo. Pepa, mwana wanga. Kusiya ntchito sindinalakwe, koma kukubisirani ndinalakwa. Ufulu wako ukamadzagwedeza denga la anthu ena, uwauze kusanagwe mvula. Akhoza kulira, akhoza kukwiya, koma asadzamvere kwa kasitomala. Ndipo kukhoza kwako mayeso aja n'kwako wekha, ine ndilibepo gawo koma kukuvutitsa.

Usaganize kuti nditafika kuno zonse zinayenda ngati madzi. Ndinabwera ndi matama a mu ofesi. Ndinasankha kuika nazale yanga kumunsi kudambo, pafupi ndi madzi. A Nambewe oyandikana nafewa, amene sanapondepo m'kalasi, anaima ndi khasu paphewa nati, "Anzanga, pamenepo m'mwezi wa Juni pamagona chisanu. Kwezerani kumtunda kuseri kwa tsekera." Ine mumtima ndinati, mayi ameneyu angandiuze chiyani, ine ndinaphunzira kwa katswiri? Ndinangoti zikomo. Juni atafika, m'mawa wina ndinapeza udzu uli mbuu, mbande zanga zonse zakuda ngati zawauka ndi moto. Ntchito ya miyezi isanu inathera pomwepo. Ndinakhala pansi n'kulira mokweza. A Nambewe anabwera, sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Mwalira mokwanira? Tiyeni tinyamule machubu a mbandewa, dothi lake likadali labwino." Tinatuta tsiku lonse awiriwiri. Safunsa anadya phula, Thoko, ine ndinadya chisa chonse. Ku koleji ukapeza ophika, osesa, alonda a pa geti. Uziwapatsa moni ndi mayina awo, ndipo akakuchenjeza kanthu umve. Kumasuka sikutanthauza kuleka kumvera anthu. Ndi kusankha bwino owamvera.

Za abambo ako ndikuuze, chifukwa tsiku lina udzafuna kusankha mwamuna. Atatha masiku awo atatu aja anangofunsa kuti, "Kumudziko khonde lilipo loika makina?" Basi, mlandu unathera pomwepo. Mbande zitayamba kukula panafunika njinga yopititsira kumsika, ine kukwera osadziwa. Ndinaphunzira ndili ndi zaka makumi asanu, pa bwalo la mpira la kusukulu, abambo ako akuthamanga pambuyo atagwira keliyala, akukuwa, "Yang'anani kutsogolo, osati mapazi!" Chitenje chinakodwa mu tcheni, ndinakagwera m'munda wa mbatata wa aphunzitsi, miyendo m'mwamba. Mudzi wonse unaseka sabata yathunthu. Abambo ako anangokhala pa makina. M'mawa mwake ndinapeza thalauza pa mpando, ya nsalu yolimba ya khaki, ili ndi thumba lalitali pambali loikamo mpeni. Ndinati, "Abambo a Thoko, akumpingo akandiona?" Iwo anati, "Muzimanga chitenje pamwamba. Mulungu amadziwa kale kuti muli ndi miyendo iwiri." Lero amayi atatu a m'mudzi muno asoketsa zawo. Ukamadzayang'ana mwamuna, usayang'ane tayi. Uone ngati angathamange pambuyo pa njinga yako anthu akuseka.

Tsopano ndinene ija ya tsiku loona ana kusukulu kwanu, uli Fomu 4. Usachite mantha, sindikukuimba mlandu. Ndinabwera pa matola, nsapato zaraba kuphazi, manja ong'aluka, dengu la mapichesi pamutu. Unandilandira mwamsangamsanga n'kunditengera kuseri kwa hositelo. Mnzako wina anakufunsa kuti, "Amayi ako aja a ku ofesi ndi amenewa?" Iwe unati, "Eya, ali pa holide." Unkayesa sindinamve. Ndinamva. Koma kukwiya ndinalephera, chifukwa ndinakumbuka agogo ako aakazi. Nditangoyamba ntchito ankabwera ku boma kudzagulitsa nyemba pamsika. Tsiku lina ndikuyenda ndi anzanga a mu ofesi anandiona, anadzuka ndi chimwemwe, dzanja m'mwamba. Ine ndinatembenuzira nkhope ku sitolo ngati ndaona nsalu yokongola. Madzulo anafika kunyumba kwanga, anandisiyira nyemba zosankhidwa bwino, sanatchule kanthu mpaka imfa yawo. Iwe unanama pang'ono chabe, ine ndinakana mayi anga dzuwa likuswa mtengo. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, mwambiwu ndinaumvetsa mochedwa. Ku Blantyre ukakumana ndi ana a mabwana, ofika pa galimoto. Akakufunsa za kwanu, nena zoona. Bodza loyamba ndi lopepuka, koma ulisenza zaka zinayi.

A Kachingwe aja ndinakumana nawo, ndisaiwale. Chaka chatha pa tsiku la msika ndinamva mawu kumbuyo kwanga, "Kodi si Mayi Phiri awa?" Anali iwowo, atakalamba koma onenepa bwino, akugulitsa mipini. Ndinagwada pomwepo pakati pa msika, ndinati, "Bambo, munanditsanzika tsiku lija, ine sindinayankhe. Ndakhala nalo zaka zonsezi." Anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, tonse tinali ndi mantha. Dzukani, anthu ayesa mukundifunsira." Anasankha mbande ziwiri za malalanje, ndinakana kuti alipire, iwo anandisiyira mpini. Popita anatembenuka nati, "Tsalani bwino, mayi." Ndinayankha mokuwa mpaka ogulitsa tomato anacheuka. Kupepesa sikuchedwa ngati munthuyo akali moyo, koma usazengereze, si onse amene amakudikira.

Tsono usandimve molakwa, Thoko. Sindikunena kuti maphunziro akakuvuta unyamule sutikesi, kapena kuti bwana akakukalipira usiye ntchito. Makina aja anakudyetsa, anakuveka, anakulowetsa sukulu, ndipo sindiwatukwana. Ntchito iliyonse ili ndi masiku ake owawa. Inonso ino, msana umandipweteka, mbuzi zimandidyera mbande, miyezi ina ogula sabwera ndipo ndiwo zimakhala nkhwani sabata yonse. Kusiyana kwake n'kwakuti kutopa kwa kuno kumatha ndikagona. Kwa ku ofesi ndinkadzuka nako. Uphunzire kusiyanitsa kutopa kuwiri kumeneku. Koyambako upirire. Kwachiwiriko kukakhalitsa chaka ndi chaka, usadikire zaka 27 ngati amayi ako. Ukonzeke bwino, uuze anthu ako, kenaka uchoke mwaulemu, pakhomo lakutsogolo.

Ndipo pali funso limene ndikanayenera kukufunsa kalekale. Anakusankha kukaphunzira za mabizinesi, tonse tinalulutira, koma palibe anakufunsa ngati ndi zimene unkafuna. Ine ndimakuona ukatsegula wailesi yakufa ya munthu, lilime lili panja, nsima ikuzizira, mpaka ilankhule. Nkhope imene umakhala nayo pamenepo ndimaidziwa. Sindikuti usinthe, mwina mabizinesiwo uwakonda, mwinanso ziwirizi zidzakumana kutsogolo. Koma ndamva kuti pa koleji pomwepo amaphunzitsanso zamagetsi. Ukapite ukasuzumire, ukafunse mafunso, usachite manyazi kuti m'kalasimo mwadzaza anyamata. Ka sikuludiraiva kako kaja ndakaika m'thumba la m'mbali mwa sutikesi. Chinthu chimene chimakuiwalitsa njala usachitaye, ngakhale chikhale cha Loweruka lokha.

Lachinayi lapitali unandiperekeza kumsika. Ndinachokapo pang'ono kukagula luzi, ndipo pobwera ndinakupeza ukulankhula ndi bambo wina wa jekete amene anaimika galimoto. Ankakayikira mbande zathu, akuti zimenezi n'zochokera ku nazale za boma, munthu wakumudzi sangakwatitse chonchi. Ndinaima kuseri kwa ngolo ndikumvetsera. Iwe unanyamula chubu chimodzi n'kumuonetsa pa mfundo. "Onani apa, bambo. Awa ndi manja a amayi anga. Anali ku ofesi, anasiya okha kuti azichita zimenezi. Mukapeza wina wowaposa m'boma lino mubwere mudzatiuze." Bamboyo anatenga khumi ndi ziwiri. Ine ndinachedwa dala kuseri kwa ngolo kuja, kudikira kuti maso aume. Unandifunsa kuti luzi ndakagula ku Lilongwe kapena. Tsopano wadziwa kumene ndinali.

Ndikumva mawu ako kutsidya kwa mtsinje, azakhali ako akutaya tsopano, ndiye ndifulumire. Kumakina kwachita zii, ndiye kuti siketi yatheka kapena ulusi watha. Uzidya, usamadumphe chakudya cham'mawa. Juzi yofiira utenge ngakhale akuti ku Blantyre n'kotentha, mwana wa ku Dedza sayenda wopanda juzi. Uzipemphera, osati chifukwa choti ine ndanena. Uzilemba makalata, ndipo usamangolemba kuti ndili bwino. Ulembe zimene wadya, amene wakukhumudwitsa, chimene chakuseketsa. Abambo ako uziwalembera yawoyawo, amachita nsanje.

Kalatayi ndikupatsa basi ikamanyamuka, ndipo ndikudziwa kuti sufika pa Linthipe usanaitsegule. Ndiye tipangane chonchi. Ndakuloleza kulira mpaka pa Lizulu. Ukafika pamenepo pukuta maso, tsegula windo, ugule chimanga chootcha, ubenthuleko wokhala naye pampando n'kumufunsa dzina. Kuchokera pamenepo msewu ndi wako. Inenso ndadzipatsa malire: ndilira mpaka dzuwa lifike pamutu. Likapendeka ndidzuka, pakuti mapeyala makumi atatu akudikira kukwatitsidwa, ndipo nkhoswe wake ndine.

Pita bwino, mzime wanga. Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako wokondwa,
Naphiri